Magawo 8 a kakulidwe ka munthu: zomwe khanda, wachinyamata ndi gogo amalimbana nazo mumtima

Tikanena kuti mwana akukula, ambiri timaganiza za msinkhu ndi kulemera kumene amalemba m'buku la kusikelo. Koma pali kukula kwina kumene sikelo siyesa: momwe munthu amadzionera yekha, momwe amakhulupirira anthu ena, ndi momwe amapezera malo ake m'banja ndi m'mudzi. Kukula kumeneku sikuthera paubwana. Kumapitirira mpaka munthu atamera imvi.

Katswiri wina wa zamaganizo, Erik Erikson, anagawa moyo wa munthu m'magawo 8. Iye anati pagawo lililonse pamakhala funso limodzi lalikulu limene munthu amalimbana nalo, ndipo yankho lake limadalira kwambiri anthu amene amuzungulira. Chiphunzitsochi amaphunzira anamwino, aphunzitsi ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu m'maiko ambiri. M'nkhani ino tikufotokoza magawowa mmodzimmodzi, potengera moyo wa m'boma la Mzimba, makamaka paboma ndi madera a kummwera monga Embangweni, Edingeni, Jenda ndi Champhira, kumene mabanja ambiri akulera ana bambo ali ku South Africa.

Erik Erikson anali ndani?

Erikson anabadwira ku Frankfurt m'dziko la Germany pa 15 June 1902, ndipo anamwalira ku America pa 12 May 1994. Bambo ake omubala sanawadziwe. Analeredwa ndi mayi ake pamodzi ndi bambo omupeza, Theodor Homburger, amene anali dokotala wa ana. Dzina loti Erikson anadzipatsa yekha atakula, pa nthawi imene ankatenga unzika wa dziko la America m'chaka cha 1939. N'chifukwa chake ambiri amati funso loti "ndine yani?" limene lili pakatikati pa chiphunzitso chake linali lakenso la iye mwini.

Anaphunzira ntchito yothandiza ana pa zamaganizo ku Vienna, pansi pa Anna Freud, mwana wa Sigmund Freud. Mu 1933 anasamukira ku America. Kumeneko, kuwonjezera pa kuthandiza ana m'zipatala, anakakhala pakati pa mitundu iwiri ya eninthaka, Asioux a ku South Dakota ndi Ayurok a ku California, n'kumaona kaleredwe ka ana awo. Anaona kuti mtundu uliwonse umalera mwana mogwirizana ndi moyo umene mwanayo adzakhale atakula. Magawo 8 aja anawafotokoza m'buku lake lotchedwa Childhood and Society, limene linatuluka mu 1950.

Mfundo yaikulu ya chiphunzitsochi

Pagawo lililonse pali mbali ziwiri zokokana, monga kukhulupirira ndi kukayikira. Munthu sapeza mbali imodzi yokha. Mwana amene sakayikira aliyense angathe kutengedwa ndi mlendo pamsika. Chofunika n'choti mbali yabwino ikhale yolemera kuposa inzake. Zikatero munthu amatuluka pagawolo ndi mphamvu ina yamumtima, monga chiyembekezo kapena luso, imene amayambira gawo lotsatira.

Zaka zimene tatchula pansipa ndi zongoyerekeza. Ana awiri a bere limodzi angathe kudutsa gawo limodzi pa liwiro losiyana. Komanso gawo limene silinayende bwino silitseka chitseko mpaka kalekale. Funso la paubwana limabweranso munthu akakwatira, akabereka kapena akaferedwa, ndipo apo amakhala ndi mwayi wolikonza.

Gawo 1: Kubadwa mpaka chaka ndi theka. Kukhulupirira kapena kukayikira

Khanda siliyankhula, koma limaphunzira chinthu chimodzi chachikulu: ndikalira, kodi pabwera munthu? Likamva njala n'kuyamwitsidwa, likanyowa n'kusinthidwa thewera, likachita mantha n'kunyamulidwa, limayamba kuona dziko ngati malo odalirika. Mphamvu imene imabadwa apa ndi chiyembekezo.

Zambiri zimene amayi a kumudzi amachita kale zimathandiza gawoli: kubereka mwana kumbuyo ndi chitenje, kugona naye pafupi, kumuyamwitsa akafuna, kumuimbira ndi kumuseketsa. Malangizo a zaumoyo oti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6 ndi kupitiriza kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira amateteza thupi, komanso amapereka nthawi yoti mayi ndi mwana adziwane. Kunyamula khanda likamalira si kuliwononga.

Wodalirika uja sayenera kukhala mayi yekha. Bambo, agogo, azakhali kapena mlongo wamkulu angathe kukhala nkhope imene mwana amaidziwa. Chimene chimasokoneza mwana ndi kusinthasintha omulera pafupipafupi, kapena kukhala ndi womulera amene thupi lili pomwepo koma mtima uli kutali. Izi zimachitika mayi akadwala matenda a kukhumudwa atabereka. Mayi wotere amalira popanda chifukwa chooneka, sagona ngakhale mwana ali m'tulo, safuna kudya, ndipo nthawi zina samva chikondi pa mwana wake. Si ulesi kapena nkhanza. Ndi matenda ochizika, ndipo vutoli limakula mayi akakhala yekha ndi mtolo wonse, monga mwamuna wapita ku Joni iye ali woyembekezera, ndalama sizikubwera, ndipo akukhala kwa apongozi kumene alibe womuuza zakukhosi. Tsiku la sikelo ndi mpata wabwino woti auze namwino kapena mlangizi wa zaumoyo.

Gawo 2: Chaka ndi theka mpaka zaka 3. Kudziimira kapena manyazi

Mwana wayamba kuyenda, ndipo mawu amene wawagwira msanga ndi akuti "ayi" ndi "ndekha". Akufuna kutema yekha nsima, kuvala yekha nsapato ngakhale mopotoza, kumwa yekha m'kapu. Iyinso ndi nthawi yophunzira kupita kuchimbudzi.

Makolo ambiri amaona ngati mwana wayamba mwano. Zoona zake n'zoti akuyesa malire a thupi lake ndi a zofuna zake. Akamalola kuti ayese, uku akumutchinga ku moto, kuchitsime ndi kumsewu, amakula ndi mtima woti angathe. Akamamenyedwa chifukwa chokodza pamphasa, kapena kusekedwa pagulu akalakwitsa, amaphunzira manyazi ndi kudzikayikira. Njira yosavuta ndi kumupatsa zosankha ziwiri zomwe zonse n'zabwino: malaya ofiira kapena obiriwira, nthochi kapena mbatata. Malire akhalepo, koma akhale omwewo lero ndi mawa.

Gawo 3: Zaka 3 mpaka 5. Kuyambitsa zinthu kapena kudziimba mlandu

Uyu ndi msinkhu wa mafunso osatha ndi masanje. Ana amaumba ng'ombe zadothi, amapanga magalimoto a mawaya, amaphika mchenga m'zitini, wina n'kukhala mayi, wina bambo, wina fisi. Kwa mwana, kusewera ndiyo ntchito. M'masanje amaphunzira kukonza chinthu m'mutu, kuchiyamba, kugawana maudindo ndi anzake ndi kuthetsa mkangano.

Mwana amene mafunso ake amayankhidwa, ngakhale mwachidule, amakula ndi cholinga. Amene nthawi zonse amauzidwa kuti akusokosa amayamba kuona ngati kufuna kudziwa ndi mlandu. Ana a msinkhu uwu amaganizanso kuti zonse zochitika pakhomo zimachokera kwa iwo. Bambo akachoka kupita kunja osatsanzika, kapena makolo akasiyana, mwana angathe kukhulupirira kuti walakwa ndi iye. Ndi bwino kumuuza zoona m'mawu apafupi: bambo apita kukagwira ntchito kutali, sunalakwe kanthu, tidzayankhula nawo pafoni Lamlungu. Lonjezo lotere likaperekedwa lisungidwe.

Sukulu za mkombaphala za m'midzi, zimene makolo amayendetsa okha mothandizidwa ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu, zimathandiza kwambiri pagawoli chifukwa mwana amasewera ndi anzake pamaso pa wamkulu.

Gawo 4: Zaka 6 mpaka 12. Khama kapena kudziona wopanda pake

Pa zaka 6 mwana amayenera kuyamba Sitandade 1. Kuchokera mu 1994, pamene boma linachotsa fizi kupulayimale, ana ambiri amalowa sukulu, ndipo kumeneko amayamba kudziyerekeza ndi anzawo. Ndani amawerenga bwino, ndani amathamanga, ndani wabwereza kalasi. Funso la gawoli ndi loti: kodi pali chimene ndimatha?

Ku Mzimba pali chopinga china chimene makolo ndi aphunzitsi ayenera kuchizindikira. Ana ambiri amayankhula Chitumbuka pakhomo, koma mabuku a kusukulu ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mwana amene akuchedwa kugwira sangakhale wopanda nzeru. Mwina akulimbana ndi chiyankhulo, mwina sakumva bwino, mwina sakuona pabolodi, mwina wapita kusukulu ndi njala. Ku Embangweni kuli sukulu ya ana osamva ya mpingo wa CCAP, Sinodi ya Livingstonia, ndipo kukhalapo kwake n'chikumbutso choti mwana amene ena amuyesa wogona angathe kuphunzira akapatsidwa njira yomuyenera.

Luso silipezeka m'kalasi mokha. Margaret Read, amene anafufuza moyo wa Angoni a m'dziko muno m'zaka za m'ma 1930, analemba buku lotchedwa Children of Their Fathers, limene linatuluka mu 1959. M'bukumo anafotokoza momwe anyamata a msinkhu uwu ankachokera m'nyumba za amayi awo kukagona kumphala ndi anyamata akuluakulu, n'kuyamba kuweta ziweto. Kubusa mwana ankaphunzira kudziwa ng'ombe iliyonse, kupirira ndi kumvera. Atsikana nawo ankaphunzira kusinja, kutunga madzi ndi kulera ana. Lero ntchito zoterezi zikadali zopatsa mwana ulemu, bola zisamulande sukulu. Mnyamata amene amajomba sabata yonse chifukwa cha ng'ombe kapena fodya amapeza luso limodzi n'kutaya lina.

Chimene kholo lingachite ndi kuyamikira khama, osati nambala ya pamayeso yokha, ndi kupewa mawu ngati "mbuzi iwe" kapena kumuyerekeza ndi mkulu wake. Mawu otere mwana amawasunga zaka zambiri.

Gawo 5: Zaka 12 mpaka 18. Kudzidziwa kapena kusokonezeka

Ili ndi gawo limene Erikson analembapo kwambiri. Thupi likusintha, anzake akuyamba kulemera kuposa makolo, ndipo wachinyamata akufunsa kuti: ndine yani, ndimakhulupirira chiyani, ndidzakhala ndani? Amayesa kavalidwe, kametedwe, nyimbo, mpingo ndi magulu osiyanasiyana. Zambiri mwa izi ndi kuyesa chabe, ndipo zimadutsa.

Wachinyamata wa ku Mzimba amapeza mayankho kuchokera mbali zingapo nthawi imodzi. Pali mfunda kapena chiwongo cha kwa bambo ake, chimene chimamuuza kumene amachokera. Pali mbiri ya Angoni amene anawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, imene imakumbukiridwa pa mwambo wa Umthetho pa phiri la Hora m'mwezi wa August, pamaso pa Inkosi ya Makosi M'mbelwa V. Pali chiyankhulo cha Chitumbuka, mpingo, sukulu, ndi foni imene imamuonetsa moyo wa anzake ku Johannesburg ndi Cape Town. Mnyamata angathe kuvina ingoma Loweruka, kuimba kwaya Lamlungu, Lolemba n'kumaganiza zosiya Fomu 2 kuti akatenge pasipoti.

Nkhani ya ku Joni njofunika pagawoli. Amuna a m'bomali akhala akupita kummwera kukagwira ntchito kwa zaka zoposa 100, ena kudzera ku Wenela ndi Teba, ambiri paokha. Nyumba zamalata, magalimoto ndi mashopu a ku Jenda ndi paboma ndi umboni wa ndalama zimenezi. Choncho kwa mnyamata, ulendowu si wofuna ndalama wokha. Umaoneka ngati njira yokhalira mwamuna. Vuto limabwera pamene wasankha njirayi asanaone n'komwe njira zina. Katswiri wina, James Marcia, amene anapitiriza ntchito ya Erikson mu 1966, anasiyanitsa wachinyamata amene wafufuza kenako n'kusankha, ndi amene wangolowa m'njira imene anthu anamukonzera. Onse awiri angaoneke okhazikika, koma wachiwiriyu amagwedezeka msanga zinthu zikapanda kuyenda, monga akabwezedwa kumudzi chimanjamanja.

Kwa atsikana, chimene chimadula gawoli ndi mimba ndi ukwati wa ana. Mtsikana wa zaka 15 akakhala mayi ndi mkazi wa munthu amalumpha nthawi yodzifufuza n'kusenza mafunso a akuluakulu. Kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomereza kapena malowolo ataperekedwa. Unduna wa Zamaphunziro ulinso ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka.

Kale anyamata ankalangizidwa ndi madoda pasangweni, atsikana ndi azakhali ndi agogo. Kumene abambo ali kunja ndipo bwalo lija linazirala, wachinyamata amafunabe wamkulu mmodzi womumvera popanda kumuweruza. Angakhale malume, mphunzitsi, mtsogoleri wa achinyamata kumpingo kapena wazaumoyo wa pamalo othandizira achinyamata kuchipatala.

Gawo 6: Zaka 18 mpaka 40. Kugwirizana ndi wina kapena kudzipatula

Munthu akadzidziwa, funso lotsatira ndi loti: kodi ndingapereke moyo wanga kwa munthu wina osadzitaya ndekha? Erikson sankanena za kugonana kokha kapena ukwati wokha. Ankanena za ubale umene munthu amaulula zofooka zake, amasunga lonjezo, ndipo amapirira pa nthawi yovuta. Mnzako wapamtima nayenso ali m'gulu lomweli. Munthu angathe kukhala pabanja zaka 10 koma ali yekhayekha mumtima, ndipo wina wosakwatira angakhale ndi maubale olimba.

Ku Mzimba mkazi amakakhala kwa mwamuna, ndipo ana amawerengedwa a kuchimuna malowolo akaperekedwa. Mwamuna akapita ku South Africa patangotha miyezi yochepa chikwatirane, banja limamangidwa pafoni. Mkazi amatsala ndi munda, ana ndi apongozi. Mwamuna amakhala m'chipinda chimodzi ndi anzake, akuopa apolisi ngati mapepala atha, ndipo amachita manyazi kunena kuti ntchito palibe. Aliyense amabisa mavuto ake kuti asadandaulitse mnzake, kenako kukayikirana kumalowa. Mawu akale oti "matchona", onena amene anapita osabwerera, akusonyeza kuti vutoli si lachilendo.

Mabanja amene amalimba pa mtunda wotere nthawi zambiri amagwirizana zinthu asanasiyane: ndalama zidzafikira m'manja mwa ndani, adzayankhulana liti, mwamuna adzabwera liti, ndipo pakabuka mkangano ankhoswe ndi ati. Kuyezetsa HIV limodzi mwamuna akabwera ndi mbali ya kukhulupirikana komweko, osati chizindikiro cha kukayikirana.

Gawo 7: Zaka 40 mpaka 65. Kulera m'badwo wotsatira kapena kuima malo amodzi

Apa munthu amayamba kufunsa kuti: ndidzasiya chiyani? Yankho lodziwika ndi ana, koma si lokhalo. Mmisiri amene akuphunzitsa mnyamata kupala matabwa a ku Chikangawa, mayi amene akutsogolera banki m'khonde, mphunzitsi, nduna ya mfumu, mkulu wa mpingo, mlimi amene akudzala mitengo imene sadzadya zipatso zake, onsewa akuchita zimene Erikson ankanena. Munthu wosabereka nayenso angathe kudutsa bwino gawoli. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mbali inayo ndi kuima malo amodzi, pamene munthu amaona kuti palibe amene akumufuna ndipo amayamba kungodzisamala yekha. Zimaoneka mwa bambo amene wabwerera kuchokera kunja patatha zaka 20, n'kupeza ana atakula osamudziwa, ndipo masiku ake amathera pamowa. Zimaonekanso mwa munthu amene wapuma ntchito kapena bizinesi yagwa. Amuna a msinkhu uwu savomera msanga kuti mtima ukuwawa, chifukwa anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Ngongole, kusowa fizi ndi kusamvana m'banja zikaunjikana, ena amafika poganiza zodzipha. Abale asadikire kuti munthuyo ayambe yekha kuyankhula.

Gawoli lili ndi katundu wakenso. Munthu wa zaka 50 nthawi zambiri amasamala ana ake, ana amasiye a m'bale wake ndi makolo okalamba nthawi imodzi. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi nawo amayamba kuonekera pa msinkhu uwu. Wosamala ena ayeneranso kuyezetsa ndi kupuma.

Gawo 8: Zaka 65 kupita m'tsogolo. Kukhutira kapena kutaya mtima

Wokalamba amayang'ana m'mbuyo. Akaona kuti moyo wake, ndi zolakwa zake zomwe, unali ndi tanthauzo, amakhala ndi mtendere ndipo imfa saiopa kwambiri. Mphamvu ya gawoli ndi nzeru. Akaona zolephera zokhazokha, ndipo nthawi yokonza yatha, amagwa mphwayi, amakwiya msanga kapena amangokhala chete. Gogo akamabwereza nkhani za ku migodi kapena za njala ya 1949, sikuti akungotaya nthawi. Akuika moyo wake m'ndondomeko, ndipo womumvera akumuthandiza.

Agogo ambiri m'bomali sanapume. Akulera zidzukulu zimene makolo awo anamwalira kapena ali kunja. Udindowu umawapatsa chifukwa chodzukira m'mawa, komanso umawatopetsa ngati thandizo silibwera. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inakonzedwa kuti ifikire mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo makomo ambiri otere ndi a okalamba. Ku Zimbabwe, dokotala wa zamaganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvera anthu ovutika maganizo. Ntchitoyi inasonyeza kuti okalamba ndi chuma pa nkhani ya umoyo wa maganizo.

Choopsa chachikulu pagawoli ndi kunamiziridwa ufiti. Matenda oiwalaiwala a ukalamba amachititsa munthu kusochera usiku, kuyankhula zosamveka, kuvula pagulu kapena kuiwala ana ake. Awa ndi matenda a ubongo. Gogo wopezeka pakhomo pa eni m'bandakucha afunika kuperekezedwa kwawo ndi kupita naye kuchipatala. Lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, ndipo kumenya kapena kuotchera nyumba wokalamba ndi mlandu waukulu.

Joan Erikson, mkazi wa Erik amene ankagwira naye ntchito, anawonjezera gawo la 9 m'buku limene linatuluka mu 1997, iye ali ndi zaka zoposa 90. Anati munthu akafika zaka za m'ma 80 ndi 90, mafunso akale amabwerera: kodi ndingadalire ondisamala, kodi ndingachitebe kanthu ndekha? N'chifukwa chake kulola gogo kusenda nyemba kapena kusankha chovala chake kuli ndi phindu kuposa kumuchitira zonse.

Malire a chiphunzitsochi

Magawo a Erikson ndi chida chothandiza kumvetsa, si muyeso wopimira matenda. Akatswiri ena anamudzudzula kuti anatengera kwambiri moyo wa amuna a ku Ulaya ndi America. Carol Gilligan, m'buku lake la 1982 lotchedwa In a Different Voice, anati kwa akazi ambiri kudzidziwa ndi kugwirizana ndi ena zimakulira limodzi, osati china pambuyo pa chinzake. Mfundo imeneyi ikugwirizana ndi umunthu wathu, umene umati munthu amadziwika ndi abale ake ndi mudzi wake.

Zaka nazo sizigwirizana ndendende ndi moyo wa kuno. Mayi wa zaka 19 ali kale pa ntchito yolera m'badwo wotsatira. Mnyamata wa zaka 30 amene alibe ntchito kapena malowolo angamaonedwebe ngati mwana. Mayi wa zaka 45 angakhale gogo. Chimene chimatsala ndi mafunso aja, chifukwa aliyense amakumana nawo ngakhale nthawi yake isiyane.

Ndi liti pamene muyenera kufuna thandizo?

Kulimbana ndi mafunsowa ndi mbali ya kukula. Koma pitani kuchipatala mukaona zotsatirazi.

Khanda kapena mwana wamng'ono sayang'ana anthu kumaso, satembenuka akaitanidwa, kapena wasiya kuchita zimene ankatha kale.

Mwana wasukulu wayambiranso kukodza pogona, akuopa munthu wina wake, kapena wasintha khalidwe mwadzidzidzi. Izi nthawi zina zimasonyeza nkhanza.

Wachinyamata kapena wamkulu wakhala wokhumudwa kwa masabata awiri kapena kupitirira, sakugona, sakudya, wasiya zimene ankakonda, kapena mowa ndi chamba zamulowerera.

Munthu akunena zofuna kufa, akugawa katundu wake kapena akutsanzika mosadziwika bwino. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu, zingwe ndi zina zoopsa, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo. Kumamupatsa mpata woyankhula.

Wokalamba akuiwala njira ya kwawo, mayina a abale kapena ngati wadya.

Poyambira ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena chipatala chaching'ono chapafupi. Kummwera kwa Mzimba, odwala amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Mzimba, ndipo kulinso zipatala za mishoni monga Embangweni ndi Katete. Thandizo la akatswiri a matenda a maganizo m'chigawo cha kumpoto limapezeka ku St John of God mumzinda wa Mzuzu. Pa nkhani za nkhanza kwa ana ndi ukwati wa ana, imbani nambala yaulere ya 116, kapena pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa.

Mabanja ambiri m'derali amayamba ndi mapemphero kapena vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Zimenezi zimapatsa wodwala anthu omuzungulira, koma zisachedwetse ulendo wa kuchipatala ngati zizindikiro zili pamwambazi zaoneka, ndipo wodwala amene ali pa mankhwala asawasiye popanda kuuzidwa ndi dokotala.